Mmene mungasungire tsiku la Naraka Chaturdashi kuno ku Lilongwe

Ambiri timadziwa Diwali, chikondwerero cha Ahindu, chifukwa cha nyali ndi makombola amene timawamva usiku cha ku Area 2, koma chikondwererochi chimatenga masiku asanu, ndipo lachiwiri, lotchedwa Naraka Chaturdashi, ndilo tsiku lodziyeretsa. Limagwa pa tsiku la 14 mwezi ukamapita kumdima, mu Okutobala kapena Novembala, ndipo Ahindu amakumbukira kuti mulungu wawo Krishna anapha mfumu yankhanza Narakasura ndi kumasula akazi 16,000 amene inawatsekera. Ngati mwakwatira kapena kukwatiwa m'banja lachihindu, kapena anzanu akuitanani, yambani kukonzekera dzulo lake.

Sesani nyumba yonse, chotsani akangaude kudenga, tayani zinthu zothaitha, ndipo tungirani madzi, popeza nyengo ino mipopi imatha kuuma m'mamawa.

Mtima wa tsikuli ndi kusamba dzuwa lisanatuluke, ndipo poti kuno kumacha itangokwana 5 koloko, dzukani cha m'ma 4. Tenthetsani pang'ono mafuta a chitowe, mudzole kuyambira kumutu mpaka kumapazi, muwasiye alowe m'thupi kwa kanthawi, kenaka musambe madzi ofunda ndi kuvala zovala zatsopano kapena zochapa bwino. M'mabanja ambiri mayi wamkulu ndiye amayamba kudontheza mafuta pamutu pa ana, ndipo ine ndimaona kuti apa ndi pamene mwambowu umakoma koposa, choncho musachite mothamanga.

Madzulo konzani nyali zadothi zotchedwa diya. Zikakhala zatsopano, muziviike m'madzi kwa maola angapo ndi kuziyanika, apo ayi dothi limamwa mafuta onse nyali n'kuzima msanga. Potani thonje pachikhatho kuti likhale kachingwe, mulinyowetse ndi mafuta, nsonga yake itulukire pamlomo pa nyali. Yatsani yoyamba pamalo opempherera, kenaka muike zina pakhomo ndi pakhonde. Mabanja ena amaika nyali imodzi panja itayang'ana kummwera polemekeza Yama, mulungu wa imfa, pomwe ena amachita zimenezi dzulo lake, ndiye funsani akuluakulu a pakhomopo.

M'madera ambiri a ku India tsikuli limafika mvula itatha, koma kwathu kuno ndi m'chilimwe, udzu uli gwaa ndipo mphepo imakuntha madzulo. Ikani nyali pasimenti kapena pamchenga, kutali ndi makatani ndi mpanda waudzu, ndipo munthu wamkulu akhale pafupi kufikira yomaliza itazima.