Kuphunzitsa achikulire ulimi wa chamba cha mafakitale

Mukasonkhanitsa achikulire kuti muwaphunzitse ulimi wa chamba cha mafakitale, musayambe ndi kadzalidwe. Yambani ndi mantha awo. Anthu amenewa anakula akuona apolisi akuzula ndi kutentha chamba, ndipo ena mwa iwo ndi akulu ampingo. Dzerani kaye kwa amfumu. Tsiku loyamba fotokozani kuti Nyumba ya Malamulo inavomereza ulimiwu mu 2020, koma kwa okhawo amene ali ndi chiphaso chochokera ku Cannabis Regulatory Authority, bungwe la boma loyang'anira ulimi wa chamba, ndipo kusuta kukadali mlandu. Chamba ichi chili ndi THC wochepa zedi, mankhwala ozunguza bongo aja. Malire ake kuno ku Malawi ndi 1 peresenti. Njere zake amayenga mafuta, luzi lake amapangira zingwe, nsalu ndi mapepala.

Zikamveka izi, tulukani panja. Ine ndimakonda kuphunzitsira pamunda wachitsanzo wa gulu lomwe lili ndi chiphaso kale, m'mawa dzuwa lisanawawe, pali mipando yoti a miyendo yovuta akhalepo. Zolemba zichepe. Atsogolereni pamzere agwire okha mtengo waumuna, wautali ndi wowonda, wokhala ndi timatumba ta mungu tolendewera, kenako waukazi wa tiubweya toyera. Akagwira kamodzi saiwala.

Amene analimapo fodya ku Kasungu kapena ku Mchinji musawatenge ngati ana. Kuumitsa mbewu m'chigafa amakudziwa kuposa inu, choncho afunseni, afotokozere anzawo. Inu muwonjezere zosiyana zokha: chamba cha luzi ndi cha njere sichifuna nazale ngati fodya, chimafesedwa m'munda momwemo, mosazamitsa, pafupifupi masentimita 2. Cha luzi chimadzalidwa mothithikana kuti mitengo italike mowongoka. Padambo pamene madzi amadikha sichichita bwino.

Nkhani ya mbewu ibwerezeni mpaka itope. Agogo anazolowera kusunga mbewu ndi kupemphana, koma apa ayi. Mungu wa chamba chamakolo ukafika pamunda, njere zosungazo zikhoza kudzabereka chamba chopyola malire a THC, zokolola zonse n'kukanidwa.

Chimene chimandiwawa mtima ndi ndalama. Chiphaso mtengo wake ndi wa madola, mlimi mmodzi sangaukwanitse, n'chifukwa chake makopaletivi ndi ofunika. Koma asagulitse ng'ombe kapena kuthira penshoni yawo yonse pa lonjezo lapakamwa. Mgwirizano ndi wogula ulembedwe asanadzale, mwana kapena mdzukulu awawerengere mokweza pamaso pa gulu, ndipo munda wa chimanga ukhale pomwepo.