Momwe mungayezere liwiro la intaneti yakunyumba musanapite kukadandaula

Mabanja ambiri ku Ulongwe, ku Moatize ndi mumzinda wa Tete agula marauta, ena oikamo SIM ya Movitel, Vodacom kapena Tmcel, ena afika pa Starlink. Koma kodi liwiro limene kampani inalonjeza lija likufikadi m'nyumba? Mutha kuyeza nokha, sizifuna katswiri.

Yambani ndi pepala la mgwirizano kapena uthenga wa pakoti yanu. Pezani nambala yokhala ndi Mbps, muyezo wa liwiro la intaneti. Musaisokoneze ndi MB imene foni imaonetsa potsitsa fayilo, chifukwa MB imodzi ndi ma Mb 8. Intaneti ya 20 Mbps ikamatsitsa kanema pa 2.5 MB pa sekondi, palibe wakuberani. Ngati nambalayo yatsatira mawu akuti "até", dziwani kuti amenewo ndi malire apamwamba, si liwiro la nthawi zonse.

Poyeza tsegulani speedtest.net kapena fast.com. Zonse n'zaulere, komabe kuyeza kulikonse kumadya megas makumi angapo, choncho wa pakoti yaing'ono asabwereze mopanda chifukwa.

Pamene pamavuta ndi pa mmene mwalumikizira. Ine ndinayeza pafoni ndili kuchipinda, nambala inatuluka yomvetsa chisoni, ndipo ndinapita nayo ku ofesi ya kampani. Mayi wa pakauntala anangofunsa kuti, "Bambo, munayeza ndi chingwe kapena Wi-Fi?" Nkhani inathera pomwepo, ndipo iwo sanalakwe. Wi-Fi imafooka ikamadutsa makoma a njerwa zowotcha, makamaka rauta ikakhala pansi kuseri kwa TV. Komanso liwirolo mumagawana ndi aliyense wolumikizidwa: ana amene ali pa YouTube, foni imene ikudzikonza yokha mwakachetechete, ngakhale aneba amene munawapatsa pasiwedi kalekale. Mukayeza chotere, mwayeza nyumba yanu, osati kampani.

Tsono tengani laputopu, muilumikize ndi chingwe pabowo lolembedwa LAN kumbuyo kwa rauta. Zimitsani Wi-Fi ya laputopuyo. Pemphani onse a m'nyumba achotse mafoni awo kwa kanthawi, ndipo akakanika sinthani pasiwedi. Tsekani VPN (pulogalamu yodutsitsa intaneti yanu njira ina) ngati muli nayo, ndi chilichonse chimene chikutsitsa zinthu. Ngati laputopu mulibe, imani pafupi ndi rauta, zimitsani data ya SIM ya m'foni, musankhe Wi-Fi ya 5 GHz ngati ilipo. Kuzimitsa data n'kofunika kwambiri kwa okhala kumalire monga ku Zobue ndi ku Calomue, kumene foni imatha kudumphira pa netiweki ya ku Malawi mwini wake osadziwa.

Pa chingwe pomwepa chenjerani ndi ogulitsa ena a mumsika. Werengani zolembedwa pachingwecho, pakhale Cat5e kapena Cat6. Chotchipa choduka mkati chimachedwetsa intaneti n'kukupangitsani kuda kampani. Chimodzimodzi marauta akale ochokera kunja: ena ndi a 3G basi, ena anawatseka kuti azilandira SIM ya kampani imodzi yokha. Muuzeni wogulitsa aikemo SIM yanu muone ikugwira musanatulutse metikali.

Yezani m'mawa, masana ndi madzulo anthu ataweruka, chifukwa nthawi imeneyo nsanja imodzi imanyamula anthu ochuluka ndipo rauta ya SIM imatsika kwambiri. Chitani zimenezi kwa masiku angapo, pa seva imodzimodzi (kompyuta yakutali imene speedtest imayezerapo), n'kumajambula zotsatira tsiku ndi ola zikuoneka. Musaiwale upload, nambala ya liwiro lotumizira zinthu, ndi imene imanyamula mawu ndi nkhope yanu pa WhatsApp. Ping, nthawi imene uthenga umatenga kupita ndi kubwerera, ikakwera pang'ono pa seva ya ku Maputo musadabwe, mtunda ndi wautali.

Nambala ya liwiro ikatsika pang'ono, zisiyeni. Koma ngati poyeza ndi chingwe ikumafika theka la imene analonjeza kapena kucheperapo tsiku ndi tsiku, pitani ndi zithunzizo ku ofesi ya kampani, mupemphe nambala ya dandaulo lanu. Akapanda kukonza, kanenani ku INCM, bungwe loyang'anira za mauthenga m'dziko muno la Mozambique.