Mmene mungakonzekerere ulendo wa ku Karonga pa galimoto yakale kuchokera ku Dedza

Galimoto zakale monga Peugeot 504, Datsun 120Y kapena Land Rover ya mtundu wa Series zikhoza kuchoka ku Dedza n'kukafika ku Karonga, malinga mwini wake adziwe kuti zimene zimagonjetsa galimoto zotere pa msewu wa M1 ndi ziwiri: kutentha kwa injini pokwera zitunda ndi kufooka kwa mabuleki potsika.

Musananyamuke, galimotoyo muiyese kwanu konkuno. Msewu wokhotakhota wochokera pa Masasa kutsikira ku Golomoti ndi woyenera pa ntchito imeneyi, chifukwa mukatsika n'kukweranso muli ndi katundu wofanana ndi amene mudzatenge, vuto lililonse lobisika limaonekera mukadali pafupi ndi makaniko amene amaidziwa galimotoyo. Ngati muvi woonetsa kutentha ukwera mpaka pofiira, redieta itsukidwe, ndipo mapaipi a madzi ndi lamba wa fani zisinthidwe ngakhale zikuoneka ngati zidakali bwino. Mapaipi a mafuta nawo aunikidwe, popeza petulo wa m'dziko muno amasakanizidwa ndi ethanol, amene anayamba kupangidwa ku Dwangwa mu 1982, ndipo ethanol amawononga labala wakale pang'onopang'ono mpaka mafuta kuyamba kudontha pafupi ndi injini yotentha.

Pali nkhani ya kabureta, chipangizo chosakaniza petulo ndi mpweya zisanalowe mu injini, imene ambiri saiganizira. Tawuni ya Dedza ili pa mtunda wa mamita pafupifupi 1,600, pamene Karonga ili m'mbali mwa nyanja, pa mamita pafupifupi 500. Kumtunda mpweya umakhala wopepuka, choncho makaniko amene wachepetsa kwambiri mafuta olowa mu kabureta kuti injini ilire bwino kuno, amachititsa kuti kunyanja, kumene mpweya uli wochuluka, mafutawo aperewere ndipo injini itenthe msanga. Mumuuze kumene mukupita asanagwire sikuludilaiva. Ine ndimaona kuti ndi bwino galimoto imwe mafuta ochulukirapo pang'ono kusiyana ndi kukapsereza mavavu ku Chilumba.

Zikalata zikhale zosatha ntchito: laisensi, inshuwalansi ndi COF (chikalata chotsimikiza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu), pakuti apolisi a pamsewu amazifuna pa marodibuloko. Mutengenso tayala la sipeya lopopa bwino, jeke, masipanala, mapulagi, oyilo, chigubu cha madzi ndi lamba wa fani wapadera, chifukwa zipangizo za galimoto za zaka za m'ma 1970 sizipezeka m'sitolo iliyonse ya m'njira.

Ulendowu muugawe masiku osachepera awiri. Kuchokera ku Dedza kufika ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 85, ndipo kuchokera ku Lilongwe kudzera ku Kasungu kufika ku Mzuzu ndi oposa 350, mtunda wokwanira tsiku lathunthu pa galimoto yoyenda mwachifatse. Thanki muidzaze ku Kasungu, ndipo muonetsetse kuti nkhalango ya Chikangawa mwaidutsa dzuwa lisanalowe, popeza kumeneko nkhungu imatsika mwadzidzidzi ndipo magetsi a galimoto zakale ndi ofooka, osatha kuonetsa njinga kapena lole yoima patsogolo.

Malo ofunika kusamala koposa ndi mtsetse wa Chiweta, pa tsiku lachiwiri. Mabuleki a dilamu, amene galimoto zambiri zakale zili nawo makamaka kumbuyo, akatentha amasiya kugwira ngakhale mupondetse motani. Lowetsani giya 2 musanayambe kutsika, osati mutafika kale pakati pa mtsetse, kuti injini izigwira galimoto, ndipo mabuleki muziwaponda pang'ono n'kuwasiya. Mukamva fungo la kupserera kapena phazi likayamba kulowa pansi mosavuta, imani pamalo otakasuka, ikani miyala ku matayala, ndipo mudikire mabuleki azizire okha. Musawathire madzi, chifukwa dilamu yotentha ikazizira mwadzidzidzi ikhoza kupindika kapena kung'aluka.