Kuchotsa fungo loipa m'sutikesi: malangizo kwa ogula athu a ku Zambia

Malangizo awa tawalembera inu amene mumagula masutikesi kuno ku Lilongwe n'kuwoloka nawo pa Mchinji kupita ku Chipata, ku Katete mpaka ku Lusaka. Dandaulo lomwe timalimva kawirikawiri ndi lakuti sutikesi ikadali yolimba, zipi ndi matayala zili bwino, koma m'kati simununkha bwino. Sutikesi yotere si yotaya ayi.

Musayambe ndi kuthira perefyumu. Perefyumu sachotsa fungo, amangolikwirira, ndipo pakapita masiku awiri zovala zanu zimatuluka zitatenga mafungo onse awiri.

Tulutsani zonse, mutsegule zipi iliyonse, kuphatikizapo ija ya pansalu ya m'kati imene ambiri saiona. Zondotsani sutikesi, muigwedeze, kenako musese m'makona ndi kaburashi. Timitu ta usipa kapena kapenta, nyenyeswa za mtedza ndi za buledi zimabisala m'misoko, ndipo nthawi zambiri fungo limachokera momwemo.

Pukutani m'kati ndi kansalu konyowetsa m'madzi ofunda a sopo pang'ono, mutakafinya bwino. Musaviike sutikesi m'beseni kapena kuikhuthulira madzi. Kuseri kwa nsalu kumakhala siponji, katoni ndi guluu, ndipo zimenezi zikamwa madzi zimachedwa kuuma. Chuku chimayambira pamenepo.

Ngati mwaona madontho akuda kapena otuwa, ndiye kuti chuku chalowa kale. Sakanizani viniga woyera ndi madzi pa mulingo wofanana, kapu imodzi ku kapu imodzi. Yesani kaye pakona pobisika kuti muone ngati nsalu sikusuluka, kenako mupukute ponse. Chitirani ntchitoyi panja mutatchinga mphuno ndi pakamwa, makamaka ngati muli ndi mphumu. Fungo la viniga lisakudetseni nkhawa, limatha lokha akauma. Chenjezo lalikulu ndi ili: musasakanize viniga ndi Jik kapena mankhwala ena oyeretsera zovala a mtundu umenewo. Zikakumana zimatulutsa mpweya wa chlorine umene umapweteka maso ndi mapapo.

Tsopano kuumitsa, komwe ndi pamene ambiri amafulumira n'kuwononga ntchito yonse. Yanikani sutikesi ili chitsegulire, matumba ake onse ali kunja, pamalo podutsa mphepo. Kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala tsiku limodzi limakwanira. M'nyengo ya mvula, kuyambira Novembala mpaka Epulo, ipatseni masiku 2 kapena 3 pakhonde, madzulo muziilowetsa kuti isagwidwe ndi mame. Sutikesi ya pulasitiki wolimba muiyanike dzuwa la m'mawa lokha, chifukwa la masana, makamaka la Okutobala, limasulutsa mtundu ndi kufooketsa pulasitiki. Yachikopa iume pamthunzi. Musanaitseke, dinikizani chikhatho m'makona ndi pansi pa zitsulo za chogwirira. Ngati mukumva kazizirira, sinaume, ngakhale pamwamba pakuoneka pouma.

Ikauma, tengani soda yemwe uja timathira m'therere, inu mumati delele. Masupuni aakulu 5 kapena 6 ndi okwanira sutikesi yapakati. Muikeni m'sokosi yoyera yomanga kukamwa kapena pambale, mutseke sutikesi kwa maola 24 mpaka 48. Tikulangiza sokosi chifukwa soda womwaza pansalu amavuta kuchotsa ndipo amasiya madontho oyera pa zovala za mtundu wakuda. Ngati soda palibe, makala ouma, amene ku Lusaka mumati malasha, amathandizanso: zidutswa zingapo zokulunga m'kansalu, sabata imodzi. Nyuzipepala zofwinyafwinya zimamwa chinyezi, koma muzizisintha tsiku lililonse, ndipo zisakhudze nsalu yoyera poti inki imadetsa.

Fungo la nsomba zouma ndi louma khosi, mungafunike kubwereza kawiri kapena katatu. La parafini n'loposa pamenepo. Ngati anatayikira mpaka kulowa m'siponji, tikuuzeni zoona, ndi bwino kupita nayo kwa telala akasinthe nsalu ya m'kati. Sutikesi yatsopano yonunkha guluu ndi pulasitiki siifuna mankhwala, ingoisiyani yotsegula masiku angapo musanalongedze.

Paulendo, nsomba muziike m'majumbo awiri omanga bwino, nsapato ndi zovala zonyowa m'jumbo lakelake. Mukafika, masulani katundu tsiku lomwelo. Posunga, sutikesi isakhale pasimenti kapena kutsamira khoma lachinyezi. Pamwamba pa wodirobu ndi pabwino, zipi mutaisiya yotsegula pang'ono. Timapaketi ta silica gel tobwera m'mabokosi a nsapato musatitaye, tiponyeni m'katimo, koma kutali ndi ana. Timipira toyera ta naphthalene tothamangitsira njenjete musatigwiritse ntchito: fungo lake limakanirira m'zovala, ndipo ndi poizoni kwa mwana amene angatiyese switi.