Kawerengedwe ka Mageji a pa Dashibodi ya Galimoto

Musanayambe, imikani galimoto pamalo abwino, kokani handibuleki, ndipo buku la galimotoyo likhale pafupi.

1. Tembenuzani kiyi osaliza injini. Timagetsi tochenjeza timayaka, ndipo injini ikalira tiyenera kuzima, kupatulapo ka handibuleki.

2. Onani geji ya mafuta: F ndiye kuti thanki yadzaza, E ndiye kuti mafuta atha.

3. Geji yolembedwa km/h imasonyeza liwiro, pomwe ya rpm imasonyeza kuzungulira kwa injini; singano ikaloza 2, injini ikuzungulira ka 2,000 pa mphindi.

4. Singano ya geji ya kutentha iyenera kukhazikika chapakati pa C (kuzizira) ndi H (kutentha kwambiri). Ikayandikira H, imani pambali ndi kuzimitsa injini, koma musatsegule chivundikiro cha redieta injini isanazizire, chifukwa madzi owira amathovoka ndi mphamvu n'kukuwotchani kumaso.

5. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Kagetsi kofiira kooneka ngati ketulo kakayaka muli paulendo, oyilo sakufika bwino m'zitsulo za injini. Musalimbikire kuti mukafike kaye kunyumba. Zimitsani injini pomwepo, yezani oyilo, ndipo ngati alimo wokwanira, itanani makaniko.