Mmene ndinakonzera bizinesi imene anthu ankangoiiwala

Makasitomala sankaigwira m'mutu bizinesiyo. Nditayala pamodzi malisiti, chithunzi cha chikwangwani ndi tsamba la Facebook, vuto linaonekeratu: dzina linalembedwa m'njira zitatu, ndipo buluu wa logo, chizindikiro cha bizinesiyo, anali wosiyana paliponse.

Dzina silinavute, ndinangosankha kalembedwe kamodzi. Mtundu ndiwo unandigwiritsa ntchito. Foni ndi kompyuta zimasakaniza kuwala kwa mitundu 3, njira ya RGB, pomwe makina osindikizira amaphatikiza inki 4, njira ya CMYK. N'chifukwa chake buluu wowala pafoni amatuluka wozilala papepala, nthawi zina ngati pepo. Ndinalemba manambala a mtunduwo a njira zonse ziwiri, n'kusindikiza pepala limodzi loyesera tisanasindikize ambiri.

Logo inali pa fayilo ya chithunzi ya mtundu wa JPG, imene imachita mbuu ukaikulitsa. Ndinaijambulanso kukhala fayilo ya SVG, imene sichita mbuu ukaikulitsa, n'kuiyesa itachepetsedwa kufika masentimita 2 komanso yopanda mitundu. Timizere topyapyala tinasowa, choncho ndinatichotsa.

Mawu akuti "ndife apamwamba" ndinafufuta, pajatu aliyense amatero. M'malo mwake ndinafunsa makasitomala akale chimene amabwererabe. Ambiri anatchula kusunga nthawi, ndipo ndi zimene zalembedwa pachikwangwani tsopano.