Wotchi yathabwa imene inkaima muvi ukafika pa 9

Wotchi ya pakhoma ya masentimita 80 m'mimba mwake, imene ndinasema ndi makina a CNC (makina osema oyendetsedwa ndi kompyuta), inkayenda bwino ikakhala chogona patebulo, koma ikapachikidwa muvi wautali unkangonjenjemera pamalo amodzi ukafika pa 9. Ndinasintha batire, kenako ndinapindako mivi poganiza kuti ikukhudzana, koma sizinathandize.

Vuto linali kulemera kwa muviwo, chifukwa pa 9 umakhala mopingasa uku ukukwera, ndipo kainjini wamba ka quartz (kabatire koyendetsa mivi) kalibe mphamvu zounyamulira. Ndinagula kainjini ka high torque (kamphamvu zambiri) ndi mivi yopepuka ya aluminiyamu.

Ntchito yeniyeni inali kulowetsa kainjiniko, popeza thabwa ndi lochindikala mamilimita 25 ndipo kachitsulo kogwira mivi sikankatulukira kutsogolo. Ndinalitembenuza pamakina, n'kulowetsa kamtengo kothina pabowo la pakati mpaka m'thabwa la makina limene lili pansi pake kuti malo oyambira kusema asasunthe. Ndinagoba kumbuyo mamilimita 3 ulendo uliwonse mpaka kutsala mamilimita 6 okha, ndikuyeza pafupipafupi, pakuti kuphonya pang'ono kukanaboola nkhope ya wotchi. Nati yomangira kainjini inagwira bwino, ndipo tsopano muvi ukudutsa pa 9 osaima.